Anyamata otsuka matanki: ntchito amaidziwa, koma za mafangasi amakokomeza

Mwezi wathawu ndinaitana anyamata otsuka matanki, aja amalengeza pa magulu a WhatsApp a m'maeriyamu, kuti adzaone thanki ya pa saluni yanga ku Area 25. Ndi thanki yakuda ya pulasitiki, ya malita 2,000, ili pa sitandi ya zitsulo kuseri kwa shopu. Mpopi ukauma, ndi imeneyi imatisunga pa ntchito. Amayi ambiri amene ndimawaluka akhala akundifunsa ngati n'zoyenera kutayirapo ndalama, ndiye ndati ndiyankhe onse pamodzi. Aitaneni. Koma zimene azikuuzani ali pamwamba pa thankipo musameze zonse.

Tinapangana 8 koloko, anafika dzuwa litakwera kale, awiri pa njinga yamoto, makwerero atamangirira m'mbali. Anabweretsa kapampu, burashi ya mpini wautali, paipi, ndi kachitini ka kolorini wa HTH. Madzi amene anali m'thankimo sanawataye, anayamba atungira m'zigubu zathu kuti tikolopere, ndipo pamenepo anandisangalatsa. Atatsala ochepa pansi, wamng'onoyo anandiitana: "Mayi, takwerani mudzaone nokha." Ndinamanga chitenje n'kukwera.

Pansi ponse panali matope ofiira, osalala ngati phala la mwana, okuya kufika pa mfundo yoyamba ya chala. M'mbali, pa mzere umene madzi amalekezera, panali zoterera zakuda zimene zimachoka ukakanda ndi chikhadabo. Kunsi kwa chivundikiro kunali timadontho ta nkhungu. Ndipo pakona panali nalimata wakufa, amene analowera pa paipi yotayira madzi thanki ikadzadza, poti inalibe sefa. Madzi ochokera pamwamba pa zonsezi amatuluka pa mpopi ali mbee, ndipo ndi amene timatsukira mitu ya anthu. Mtsikana wanga wa pa saluni amamwanso omwewo.

Katsukidwe kake ndilibe nako dandaulo. Anakwecha makoma onse, anakoka matope ndi pampu, anatsukuluza mpaka madzi otuluka atayera, kenako anasungunula HTH m'ndowa, n'kupaka paliponse ndi kusiya kwa kanthawi asanatsukuluzenso. Wolowa m'katiyo anavula nsapato zake n'kuvala majombo otsukidwa ndi kolorini. Chimene sindinakonde: analibe chophimba kumphuno, ndipo anatuluka maso ali psuu, akutsokomola. HTH m'malo otsekeka si masewera, bwana wawo awagulire zodzitetezera.

Matope aja sanayambire m'thanki mwanga. Madzi a m'mipopi ya mu mzinda muno amachokera mu mtsinje wa Lilongwe, umene gwero lake ndi nkhalango ya Dzalanyama, kumalire ndi Mozambique. Amasungidwa ku Malingunde, mu Kamuzu Dam I ya mu 1966 ndi Kamuzu Dam II ya mu 1989, kenako amatsika ndi mtsinje kudzayeretsedwa pafupi ndi msewu wa ku Likuni. Amene mumadzuka m'mamawa mumaziona njinga za makala zikulowa m'tauni mondondozana kuchokera mbali imeneyo. Zinafika poipa moti mu 2015 boma linatumiza asilikali kukalondera nkhalangoyo. Mtengo ukadulidwa, mvula imamenya dothi mwachindunji n'kulikokolola, limodzi ndi feteleza wa m'minda ndi m'madimba a m'mbali mwa mtsinje. Imani pa mlatho wa ku Old Town mu Januwale muone mtundu wa madziwo. A Lilongwe Water Board amachotsa zambiri ndi mankhwala ndi masefa awo, koma paipi ikaphulika kapena madzi akabwerera atasowa, tinyenyeswa timalowabe, ndipo m'thanki mmene madzi amangokhala duu timakhazikika pansi chaka ndi chaka. Ine ndemwe ndimaphikira makala magetsi akazima, ndiye chala sindilozera munthu.

Vuto la matopewo si maonekedwe okha. Amadya kolorini. Bungwe la WHO limati madzi akamafika kwa wakumwa azikhala ndi kolorini wosachepera 0.2 mg pa lita, koma kolorini ameneyu amatha akakumana ndi zinyalala, ndiponso amauluka msanga madzi akatentha. Taganizirani thanki yakuda pa dzuwa la mu Okutobala. Pofika tsiku lachiwiri kapena lachitatu chitetezo chija chapita, ndipo zoterera za m'mbali zija, mmene mumabisala mabakiteriya ndi mafangasi (tizilombo ta mtundu wa nkhungu), zimakula mwaufulu. Tonse tikukumbukira kolera ya mu 2022 ndi 2023 imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Chifukwa chimenechi chokha n'chokwanira kutsukitsa thanki.

Tsopano apa ndi pamene tinasemphana. Wamkuluyo atandionetsa nkhungu ya pa chivundikiro anayamba ulaliki. Akuti amenewa ndi mafangasi atsopano obwera ndi kusintha kwa nyengo, akuti ndi amene akubweretsa chipere m'mitu ya ana ndi mauka kwa amayi, ndipo mankhwala ake n'kulembetsa kuti azibwera mwezi ndi mwezi. Ndinamuyankha kuti, "Achimwene, chipere ndimachiona tsiku ndi tsiku pa mpando uwu, musandiphunzitse." Chipere chimayenda pa chipeso, pa mashini ometera, pa thaulo, pa pilo, pa kukhudzana ana akamasewera, nthawi zina kuchokera kwa mphaka kapena galu. Mutsuke thanki kangati, ngati ometa sakupukuta mashini ake ndi sipiriti, mwana adzabwera nacho. Mauka nawo amayamba ndi kafangasi kotchedwa Candida kamene kamakhala kale m'thupi, kamangochuluka munthu akamwa maantibayotiki, akakhala woyembekezera, akakhala ndi shuga kapena chitetezo chikatsika.

Komabe mnyamatayo sanapeke zonse, anangosakaniza. Mkulu wanga ndi namwino, ndipo nkhani imeneyi timaikamba kawirikawiri. N'zoona kuti m'mapaipi ndi m'matanki mumapezeka mafangasi monga Aspergillus ndi Fusarium, ndipo njere zake zimapirira kolorini kuposa mabakiteriya ambiri. Kwa munthu wathanzi nthawi zambiri sachita kanthu. Kwa amene ali ndi HIV ndipo chitetezo chatsika kwambiri, amene akulandira mankhwala a khansa, kapena amene TB inawasiyira mabala m'mapapo, nkhani imasintha. N'zoonanso kuti pali mafangasi atsopano. Candida auris anapezeka koyamba mu 2009 m'khutu mwa wodwala ku Japan, ndipo wavutitsa kale zipatala za ku South Africa ndi Kenya chifukwa samva mankhwala ambiri. Mafangasi ochuluka sakula pa kutentha kwa thupi la munthu, 37°C, ndipo akatswiri ena, monga Arturo Casadevall, akuganiza kuti kutentha kwa dziko kukuwazoloweza mpaka ena ayamba kukwanitsa. Mu 2021 ofufuza analengeza kuti amupeza Candida auris m'dambo la madzi amchere ndi pa gombe ku zilumba za Andaman za dziko la India. Koma mmene amafalikira kwa anthu ndi m'mawodi a zipatala, pa mabedi ndi pa zipangizo. Mu 2022 WHO inatulutsa mndandanda wa mafangasi 19 oopsa, ndipo m'gulu lapamwamba muli Cryptococcus, amene amayambitsa matenda oumitsa khosi mwa anthu amene ali ndi HIV. Ameneyo timamudziwa kuno. Kafukufuku wa AMBITION wa mankhwala ake anachitikiranso mu Lilongwe muno ndi ku Blantyre. Cryptococcus amalowa m'thupi popuma fumbi, makamaka la zitosi za nkhunda, osati pakumwa madzi.

Ngati pali chipere chatsopano choti tiziope, ndi chija chinayambira ku India, chotchedwa Trichophyton indotineae, chosamva mankhwala a chipere otchedwa terbinafine. Madokotala amati chinakula chifukwa chodzola mwachisawawa mafuta osakaniza ndi masiteroidi. Apa amayi anzanga ndikunena ndi inu: timachubu tija timagula mu msika popanda kuonana ndi dokotala, ena pofuna kuyera, timaziziritsa kuyabwa kwa masiku angapo koma fangasiyo akufalikira pansi pake. Ndaona makosi ambiri otere pochapa tsitsi.

Za mwezi ndi mwezi ndinakana. Thanki yovundikira bwino siifuna zimenezo, ndipo ngakhale iwo nditawapanikiza anavomera kuti kamodzi kapena kawiri pa chaka n'kokwanira. Anandilipiritsa K45,000, titanenerera kuchokera pamwambapo, ndipo mitengo mukudziwa mmene ikuthamangira, ndiye funsani musanawaitane. Risiti analibe, ndinachita kuwalembetsa m'kope la pa saluni. Kachipangizo koyezera kolorini analibenso, amangodalira mphuno, ndipo tsiku loyamba madzi ankanunkha moti sindinayerekeze kutsukira tsitsi lothira mankhwala owongola. Tinawagwiritsa ntchito kuchapira mathaulo. Muwauze atsukuluze kawiri inu mukuona.

Chimene anandichitira mwaulere ndi chimene ndayamikira kwambiri. Anadula kachidutswa ka sefa ya pa windo n'kumanga ndi waya pa paipi yotayira ija, anakonza chivundikiro chimene chinali chitapindika ndi dzuwa, ndipo anandilangiza kuti madzi akabwera atasowa ndizitseka kaye valavu yopita kuthanki, nditsegule mpopi wa panja mpaka ofiirawo atatha. Kuyambira pamenepo ndikutero. Madzi akumwa pa saluni tsopano tikuthira WaterGuard m'chigubu chapadera, osatunga kuthanki mwachindunji.

Ndidzawaitananso mu Epulo kapena Meyi mvula ikatha, poti ndi nthawi imene mtsinje umakhala watibweretsera zambiri. Amene muli ndi wodwala pakhomo, kapena thanki yanu ndi yoyera yolowa kuwala imene imamera ndere, musadikire mpaka nthawi imeneyo. Ndipo powaimbira muwauziretu kuti abwere ndi zophimba kumphuno.