Batire ya "nano" inandidyera ndalama: ya mtovu, LiFePO4 kapena LTO?

Chisinthireni mabatire a kunyumba kwanga ku Chilomoni, anthu sakundipumitsa. Kutchalitchi, pamaliro, ngakhale mu minibasi ya ku Limbe, funso ndi lomwelo: "Achimwene, tigule batire iti?" Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndilembe kamodzi n'kamodzi. Za kalumikizidwe ka mawaya ndazisiya.

Ndiyambe ndi bala langa. Mu Januwale 2022 namondwe Ana atawononga Kapichira, dziko linataya pafupifupi 130 MW, ndipo mukukumbukira mmene tinkakhalira mumdima. Mayi a kunyumba amagulitsa mafrizesi. Firiji ikangozima tsiku lathunthu, mpamba wonse umasanduka madzi a shuga. Ndiye ndinatsetsereka ku shopu ina ku Limbe, komwe mnyamata wogulitsa anandionetsa mabatire awiri a mtovu a mtundu wa gel, onse olembedwa 200Ah (Ah ndi muyeso wa magetsi amene batire imasunga). Ina inali wamba. Inayo inali ndi sitika yonyezimira ya mawu akuti Patented Nano Oxide Technology.

"Bigi, iyi ndi ya nano," anatero akuisisita ngati mbuzi yapamsika. "Zaka khumi osaiganizira."

Ndinaonjezera ndalama chifukwa cha sitikayo. Zaka khumi zija zinatha m'miyezi 7. Inivita inayamba kulira isanakwane 11 koloko usiku, chonsecho batire yachajidwa tsiku lonse. Nditabwerera ndi lisiti, bwana wa shopuyo anandilozera timalemba ta kumbuyo: waranti imagwira pokhapokha ngati anakulumikizirani ndi mmisiri wawo, amene amalipiritsa payekha. Tsiku logula palibe anatchulako zimenezo. Ndinatuluka khosi lili gwa.

Amene ananditsegula maso ndi mmisiri wina wachikulire wa ku Ndirande. Sanayambe ndi mita. Anangoinyamula mbali imodzi, n'kuiika pansi, n'kupukusa mutu. "Bambo, mtovu wake uli kuti?" Tinaikweza pa wilibala mpaka kwa anyamata ogula chimanga, n'kuiika pa sikelo: 39 kg. Batire ya mtovu ya 200Ah yeniyeni imafika cha m'ma 55 mpaka 60 kg. Mphamvu yake ili m'mapuleti, ndipo mapuleti sanama pa sikelo. Ndinagula bokosi lalikulu lokhala ndi batire yaing'ono m'kati.

Choseketsa n'chakuti mawu akuti oxide sanali bodza. Batire iliyonse ya mtovu, kuyambira yoyamba imene Gaston Planté anapanga mu 1859 mpaka ya mu Sienta yanu, puleti yake ya positive ndi lead dioxide. Zili ngati kugulitsa nsima n'kumadzitama kuti muli ufa. Nambala ya patent, chiphaso cha umwini wa luso latsopano, pasitikapo panalibe. Inenso ndivomereze mbali yanga: ndinkaikama mpaka kuuma, pomwe batire ya mtovu imafuna mudye theka lokha, ndipo ikagona yakutha mapuleti amachita sulfate yolimba yosachokanso. Ndinaiikanso m'kachipinda kopanda siling'i, pansi pa malata, mu Okutobala. Kutentha kumaidya msanga. Koma ngakhale nditaisamalira ngati khanda, makilo osowawo sakanamera.

Ndiye kodi nano ndi bodza? Ayi, ndipo apa m'pamene pamandiwawa. Nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a mita. Ganizirani mchere wamiyala ndi wosinja: thirani m'madzi, wosinja usungunuka msanga chifukwa madzi akuufikira mbali zonse. M'batire ya lithium zilinso choncho. Ufa wa m'ma electrode, mbali za positive ndi negative za batire, ukakhala wosalala kwambiri, lithium amakhala ndi makomo ambiri olowera komanso mtunda waufupi woyenda.

LiFePO4, batire ya lithium iron phosphate imene ndili nayo panoyi, ndi mwana weniweni wa nzeru imeneyo. Inatulukira ku University of Texas cha mu 1996, m'gulu la John Goodenough, mkulu yemweyo amene mu 1980 ali ku Oxford anapeza lithium cobalt oxide ndipo anadzalandira Nobel mu 2019. Poyamba inali yaulesi, magetsi sankayenda bwino m'kati mwake. Inadzuka anthu ataphwanya ufa wake kufika pa timibulu ta nano n'kutikuta ndi carbon. Makampani anakokanakokana m'makhoti zaka zambiri pa nkhani ya ma patent ake, mpaka ma patent akuluakulu anatha mphamvu cha mu 2022, poti patent imakhala zaka 20. Ndiye wogulitsa akakuuzani lero kuti yake ndi yapadera chifukwa ndi patented, mufunseni nambala.

Pa ntchito, masamu ake ndi awa. Ya mtovu ya 12V 200Ah ndi 2,400Wh (mavoti kuchulukitsa ndi ma Ah, mphamvu yonse imene ili m'batire), koma yanu ndi 1,200Wh basi. LiFePO4 ya 12.8V 100Ah ndi 1,280Wh, ndipo mutha kudya 80 kapena 90 pa 100 iliyonse osaivulaza. Choncho ya 100Ah ikuyandikira ya mtovu ya 200Ah, chikhalirecho imalemera cha m'ma 12 kg, moti mwana wa Fomu 2 amainyamula yekha. Ya gel wamba mukamaidya kwambiri imapirira maulendo mahandiredi angapo ochajidwa ndi kutha, pomwe LiFePO4 amaiwerengera masauzande. Imachajanso msanga, ndipo magetsi akabwera kwa maola atatu okha, chimenecho ndiye chilichonse.

Ili ndi zake zobisika, ndisakunamizeni. Inivita yanga yakale inalibe malo osankhira lithium, ndipo inali ndi khalidwe lokweza mavoti nthawi ndi nthawi monga mabatire amadzi amafunira. Ndinagula inivita ina, ndalama imene sinali m'bajeti. Chachiwiri ndi BMS, kabolodi kolondera maselo, timabatire ting'onoting'ono ta m'kati mwa batire. Ikakhala yaing'ono, firiji ikamadzuka imadula magetsi nyumba yonse phi, popanda chenjezo. Funsani ma amp a BMS musanafunse mtengo. Timizere ta pa inivita natonso musatikhulupirire, chifukwa mavoti a batire imeneyi sasuntha kwenikweni mpaka itatsala pang'ono kutha. Nkhani yoti siifuna kuchajidwa pansi pa 0°C ife siitikhudza, chiperoni sichinafikepo pamenepo mu Blantyre.

Za NMC ndinena mwachidule. Iyi ndiye ya metal oxide yeniyeni, ya nickel, manganese ndi cobalt, amene wambiri amakumbidwa ku DR Congo. Ndi yopepuka ndipo imasunga mphamvu zambiri m'kamalo kochepa, n'chifukwa chake mtundu wa mabatire amenewa uli m'magalimoto amagetsi ndi m'zida zonyamula m'manja. Koma ikavulala kapena kuchajidwa mopyola imagwira moto msanga kuposa LiFePO4. Mapaketi amene anyamata amalumikiza kuchokera ku maselo a malaputopu akufa, ine m'nyumba yogona ana salowa.

Imene ndimaisirira ndi LTO, lithium titanate. Apa ndiye nano weniweni wa oxide. M'malo mwa graphite ku mbali ya negative amaikako timibulu ta nano ta oxide wa lithium ndi titanium, tomwe sititupa kapena kunyala kwenikweni lithium akamalowa ndi kutuluka. Sitisweka, ndiye batire imadutsa maulendo 10,000 ndipo imatha kuchajidwa m'mphindi zowerengeka. Toshiba inayamba kugulitsa yake ya SCiB mu 2008. Vuto lake, selo imodzi ndi 2.3 kapena 2.4V pomwe ya LiFePO4 ndi 3.2V, ndiye pamafunika maselo ambiri, malo ambiri, ndalama zambiri, ndi inivita yololera mavoti achilendo. Mnzanga wina wa ku Namiwawa anaitanitsa maselo ake kunja. Ndalama yotumizira ndi msonkho zitalowapo anasiya kunena mtengo pagulu. Firiji ya mafrizesi siifuna kuchaja kwa mphindi khumi, ndiye mukulipira liwiro lomwe simudzaligwiritsa ntchito. Chondiseketsa n'chakuti rutile, mwala wopezeka m'dothi la ku Kasiya ku Lilongwe, ndi titanium dioxide, ndipo m'dothi lomwelo mulinso graphite. Zipangizo zili pakhomo, batire tikuitanitsa kutsidya kwa nyanja.

Ndiye mukandifunsa, yankho ndi LiFePO4, ya BMS yokwanira, ndipo waranti muiwerenge kumbuyo ndi kutsogolo muli chiimire pakauntala. Ngati thumba lakana, gulani ya mtovu ya tubular yothira madzi. Ena ku Machinjiri zikuwayendera bwino, bola kuthira madzi a distilled ndi kusaikama. Ndikudziwa kuti pali ma gel abwino, anzanga amandiuza, koma ine mtima sunapole ndipo sindingakutumeni kumeneko. Iliyonse ya mtovu imene mwaikonda, pemphani sikelo musanatulutse ndalama.

Ya nano ija ndinaigulitsa kwa anyamata ogula zitsulo zakutha amene amazungulira ndi wilibala. Mmodzi anakanda sitika ndi chala kuti aone pansi pake, kenako anaikoleka pa sikelo yake n'kundiwerengera ndalama ya makilo 39.