Machubu aang'ono, VAMP kapena makina a pabedi: chimapulumutsa magazi a wodwala ku ICU ndi chiti?

Kafukufuku wa ku Ulaya wa mu 2002 anapeza kuti wodwala wa ku ICU, chipinda cha odwala mwakayakaya, amatengedwa magazi okayeza pafupifupi mamililita 40 pa tsiku. Sabata ikatha ndiye kuti 280 apita, pomwe thupi lodwalitsa silipanga magazi atsopano msanga.

Machubu aang'ono otengera magazi okayeza ndiwo osavuta kuyamba nawo. Kunja kwake ndi ofanana ndi amasiku onse, motero amalowa bwinobwino m'makina a ku labotale, koma amakoka mamililita 1.8 mpaka 3.5 m'malo mwa 4 mpaka 6. Kafukufuku wa STRATUS wa mu 2023, m'ma ICU 25 ku Canada, anaonetsa kuti magazi okanidwa ku labotale chifukwa chokhala ochepa sanachuluke. Magazi oika mwa odwala anatsika ndi mapaketi 7 mpaka 10 pa odwala 100, ngakhale kuwerengera koyamba sikunatsimikize kusiyanako. Musawasokoneze ndi timachubu ta makanda: timeneto sitikoka tokha, ndipo kawirikawiri ku labotale amachita kutitsegula pamanja.

Koma chubu chaching'ono sichiletsa magazi otayidwa. Potenga magazi pa arterial line, kachingwe kamene kamakhala mu mtsempha wa wodwala, namwino amayamba wakoka osakanikirana ndi madzi a m'chingwe n'kuwataya, nthawi zina mamililita 5, mwina kasanu ndi kamodzi pa tsiku. Apa ndi pomwe VAMP, chipangizo cholumikiza ku chingwecho chomwe chinapangidwa ndi kampani ya Edwards Lifesciences, imaposa. Magazi oyambawo amadikira m'kathumba kotsekeka, mumatenga oyeza pakabowo ka pafupi ndi wodwala, kenako n'kubweza a m'kathumba aja pang'onopang'ono ndi kutsuka chingwe. Mukachedwa kubweza amaundana. Mukakoka ochepa, zotsatira zimanama: hemoglobin, yomwe imasonyeza kuchuluka kwa magazi, imaoneka yotsika chifukwa cha madzi. VAMP ndi yodula, komanso wopanda chingwe chotere siimuthandiza.

Makina a pabedi, oyezera magazi pomwe wodwala wagona, amafuna timadontho chabe: a i-STAT mamaikulolita pafupifupi 95, a HemoCue pafupifupi 10 (mililita imodzi ndi mamaikulolita 1,000). Vuto ndi mtengo wa makatiriji, tizipangizo todonthezamo magazi togwiritsa ntchito kamodzi, komanso poti kuyeza n'kosavuta, anthu amangoyezayeza.

Pali malo awiri osaumira. Chubu cha citrate (mankhwala oletsa magazi kuundana), cha chivindikiro chabuluu, chidzaze mpaka pamzere, chifukwa chimafuna magawo 9 a magazi pa gawo limodzi la mankhwala. Chikaperewera, PT ndi APTT, zoyezera nthawi imene magazi amatenga kuti aundane, zimatalika monama ndipo mutenganso ena. Botolo la blood culture (lofufuzira tizilombo m'magazi) la munthu wamkulu limafuna mamililita 8 mpaka 10, mukachepetsa mumaphonya tizilombo.

Ngati ndalama zili zochepa, yambani ndi machubu aang'ono, n'kuchotsa chizolowezi choyeza zonse m'mawa uliwonse popanda funso lofuna yankho. Dokotala akafuna kuyeza kwina masana, imbani kaye ku labotale: nthawi zambiri magazi a m'mawa amakhala alipobe.