Dishiwasha ya mkati mwa kabati ikafa: kuika wekha, a kusitolo kapena pulamba?

Anzanga angapo kuno ku UK akhala akundifunsa nkhani imeneyi, makamaka amene agula nyumba yokhala ndi khitchini yomanga kale, ndiye ndiyankhe kamodzi n'kamodzi. Ndikunena dishiwasha yobisika ija, yomwe kutsogolo kwake kuli chitseko chofanana ndi makabati enawo. Yoima payokha ija palibe nkhani, mumasolola yakale, kulumikiza mapaipi awiri, pulagi pa soketi, basi.

Ndiyambe ndi a kusitolo chifukwa ndi amene anandipweteka mtima. Ndinalipira zonse pa intaneti, kubweretsa, kuika, ndi kutenga yakale. Anabwera anyamata awiri, analumikiza madzi, anaikankhira m'malo mwake, kenako akuti tamaliza bwana. Ine n'kufunsa, nanga chitseko? Akuti chitseko sichili pa ntchito yomwe mwalipira, chili ndi mtengo wake, mubukenso tsiku lina. Thabwa la pansi lija, lobisa miyendo ya makabati, akuti ife sitidula matabwa. Ananyamuka, chitseko changa chili chotsamira ku furiji, makina ali chitsulo pamtunda. Ndipo anthu ambiri sadziwa kuti masipuling'i a dishiwasha yotereyi anawapangira kulemera kwa chitseko cha kabaticho, popanda icho ukatsegula n'kusiya chitseko cha makinawo chimadzitseka chokha mwamphamvu, mbale zili m'manja. Nditaimba foni anandiwerengera timawu tating'onoting'ono ta pansi pa tsamba. Mawu akuti kuika analemba ndi zilembo zikuluzikulu, zoti chitseko sichili momwemo anabisa, ndipo zimenezi ine ndimazitenga ngati kuba ndithu. Si masitolo onse amatero, ena chitseko amaika, koma afunseni musanalipire ndipo akulembereni yankholo.

Pulamba ndi wabwino pa madzi, vuto ndi loti madzi ndi gawo laling'ono la ntchitoyi, ndipo kungofika pakhomo panu ndalama yayamba kale kuwerenga. Muitaneni ngati kampopi kotsekera madzi pansi pa sinki kauma kakukana kutembenuka, kapena kulibiretu. Ngati yakaleyo ilibe pulagi, waya wake walowa m'khoma, amenewo ndi a zamagetsi, musagwireko. Ngati mukufuna kulipira munthu mmodzi pa zonse, kalipentala woika makhitchini amaposa pulamba.

Tsopano kuika wekha, komwe ine ndaima. Yambani ndi tepi musanagule kanthu. M'lifupi n'zosavuta, ndi 60 cm kapena yowonda ija ya 45 cm. Msampha uli pa msinkhu. Makina ambiri ndi pafupifupi 82 cm, miyendo yake imakwera ndi kutsika pang'ono, koma ngati mwini nyumba wakale anaika matailosi kapena laminate makina ali kale mkati, pansi panakwera ndipo yakaleyo yatsekeredwa kumbuyo kwa kamlomo ka matailosi. Pamenepo fupikitsani miyendo mpaka kumapeto kuti makinawo atsike, wakumbuyo pa makina ambiri umafupikitsidwa ndi sikuluwu yomwe ili kutsogolo chapansi.

Zamadzi n'zachidule. Zimitsani magetsi, tsekani kampopi, ikani beseni ndi thaulo chifukwa m'paipi yotulutsa mumatsala madzi onunkha. Paipi yolowetsa mangani ndi dzanja n'kulimbitsa pang'ono, mazinga ake ndi a pulasitiki, mukawakakamiza ndi sipanala amaphwanyika. Paipi yotulutsa ikwere kaye m'mwamba isanalowe pansi pa sinki, apo ayi madzi a mu sinki azibwerera ku mbale zanu. Makina ena, monga a Bosch okhala ndi AquaStop, kachipangizo kotseka madzi pakadontha, kumapeto kwa paipi kuli kabokosi konenepa, ndiye bowo la m'mbali mwa kabati lingafune kukulitsa.

Chitseko ndiye ntchito yeniyeni ndipo chimafuna mtima pansi. M'bokosi mumabwera pepala lalikulu losonyeza poboola. Musadalire mabowo akale, kampani iliyonse ili ndi malo ake. Pezani pakati pa chitseko, matani pepalalo, ndipo pa choboolera mangani kaselotepi kosonyeza pothera, chifukwa mukapyola kutsogolo chitseko chawonongeka ndipo mtundu wa khitchini yakale mwina anasiya kupanga. Mpata wa pakati pa chitseko ichi ndi cha kabati yoyandikana ufanane ndi mipata inayo, diso limaona ngakhale 2 mm. Amene muli ndi khitchini ya IKEA ya Metod mvetsani bwino, zitseko zake n'zazitali, 80 cm, thabwa la pansi n'lalifupi, ndiye pamafunika makina amene chitseko chimatsetsereka chokwera mukamatsegula, ku Bosch amati VarioHinge. Mukagula wamba chitseko chizigunda pansi.

Musataye kachitsulo kapena kapepala konyezimira kobwera m'thumba la masikuluwu. Kamamatidwa kunsi kwa thabwa la pamwamba kuti nthunzi isalifufumitse, ndipo anyamata aja sanakaike n'komwe, ndinakapeza m'bokosi. Mangiraninso makinawo ku thabwa la pamwamba, kapena m'mbali ngati pamwamba ndi mwala, kupanda kutero amawerama mukasolola shelefu yodzaza.

Yakaleyo ku malo otayira zinthu a khonsolo amalandira ulere ngati muli ndi galimoto yoti ilowemo, ndipo muinyamule awiri. Amene mukuchita lendi uzani landilodi kaye, makinawo nthawi zambiri ndi ake.

Ndiye kwa ine, ngati pali pulagi, kampopi kakutseka ndipo muyeso wagwirizana, ikani nokha Loweruka limodzi. Mukamaliza yatsani pulogalamu yaifupi thabwa la pansi musanabwezeretse, muunike ndi tochi ya foni ngati penapake pakudontha.