Nkhokwe ya WHO ya malamulo a kuchotsa pakati: yodalirika pa za lero, yoperewera pa mbiri ya mayiko amene anali achikomyunizimu

Kuyambira mu 2017, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, mogwirizana ndi nthambi ya United Nations yoona za chiwerengero cha anthu, limapereka kwaulere pa intaneti nkhokwe yotchedwa Global Abortion Policies Database, momwe anasonkhanitsamo malamulo ndi ndondomeko za mayiko pa nkhani ya kuchotsa pakati. Ine ndaiyesa pa nkhani imodzi yokha imene imandikhudza mtima, ndiyo ya mayiko a kum'mawa ndi pakati pa Ulaya amene kale anali pansi pa ulamuliro wa chikomyunizimu, ndipo chigamulo changa n'chakuti nkhokweyi ndi yothandiza kwambiri kwa wofuna kudziwa chimene lamulo likunena lero, koma wofuna kumvetsa mmene lamulolo linafikira pomwe lilipo asaime nayo yokha.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Munthu amasankha dziko, n'kuona zifukwa zimene lamulo limavomereza, monga kupulumutsa moyo wa mayi, kuteteza thanzi lake, kugwiriridwa, vuto lalikulu pa mwana wosabadwa, kapena pempho la mayi mwiniwake, ndiponso malire a masabata, chilolezo cha makolo kwa atsikana achichepere, uphungu wokakamiza, masiku odikira ndi zilango. Amathanso kuika mayiko angapo pamodzi n'kuwayerekeza. Chimene ndimachiyamikira koposa n'chakuti mfundozo zimabwera ndi zikalata zenizeni zimene zinachokerako, kotero kuti wowerenga sakakamizidwa kungokhulupirira mawu a wosonkhanitsa. Pa nkhani imene anthu amakangana mokwiya chotere, ndipo mbali zonse zimakonda kukokomeza, kukhala ndi lamulo lenilenilo pamaso n'chinthu chamtengo wapatali.

Kuperewera kwake kumayamba munthu akafunsa kuti zinayamba bwanji. Pa Russia, nkhokweyi imaonetsa kuti mayi angathe kuchotsa pakati mwa kufuna kwake mpaka masabata 12, koma siifotokoza kuti dziko limenelo ndilo linayamba kuvomereza zimenezi m'nthawi yathu ino, mu Novembala 1920, pamene Nikolai Semashko ankatsogolera za umoyo, ndi cholinga chochotsa amayi m'manja mwa anthu ochita mobisa n'kuwabweretsa kuchipatala. Siifotokozanso kuti mu Juni 1936 boma la Stalin linaletsa, kupatula pamene moyo kapena thanzi la mayi lili pangozi kapena pali matenda aakulu akumtundu, chifukwa linkafuna anthu ambiri, ndiponso kuti chiletsocho chinachotsedwa mu Novembala 1955, Stalin atamwalira kale. Chisankho cha 1955 chimenecho ndicho chinatsegulira njira mayiko oyandikana nawo: Poland, Hungary ndi Bulgaria anafewetsa malamulo mu 1956, Czechoslovakia ndi Romania mu 1957. Popeza njira zamakono zolerera zinali zosowa kapena zosadalirika mu Soviet Union, kuchotsa pakati kunasanduka njira yaikulu yochepetsera ana m'banja, ndipo amayi ambiri anadutsamo kangapo m'moyo wawo. Wosadziwa zimenezi sangamvetse chifukwa chimene Russia ya lero ikubwezera zinthu pang'onopang'ono, monga lamulo la 2011 limene linaika nthawi yodikira ya maola 48 mpaka masiku 7, kapena kuchepetsa zifukwa za mavuto a m'banja zololeza kuchotsa pakati patadutsa masabata 12 mpaka kutsala chimodzi chokha cha kugwiriridwa mu 2012.

Pa Romania m'pamene kusowa kwa mbiriku kumandipweteka kwenikweni. Tsamba la dzikolo limasonyeza malire a masabata 14, ndipo wongodutsa angaganize kuti ndi dziko limene nkhaniyi sinavutepo. Komatu mu Okutobala 1966 mtsogoleri wa dzikolo, Nicolae Ceaușescu, anatulutsa lamulo la nambala 770, loletsa kuchotsa pakati kwa amayi pafupifupi onse, kupatula ochepa monga achikulire ndi amene anali kale ndi ana anayi. Chaka chotsatira chiwerengero cha ana obadwa chinatsala pang'ono kuwirikiza kawiri, koma sichinakhale pamenepo, chifukwa amayi anatembenukira ku njira zobisika. Boma linayankha mwa kukhwimitsa zinthu m'zaka za m'ma 1980, mpaka kumapima amayi kumalo antchito kuti lidziwe amene ali oyembekezera, ndi kukweza msonkho wa anthu opanda ana. Amayi pafupifupi 10,000 anafa chifukwa chochotsa pakati m'njira zoopsa pa zaka 23 zimenezo, imfa za uchembere zinafika pokhala zochuluka kuposa za dziko lina lililonse ku Ulaya, ndipo ana ambirimbiri amene makolo awo sanathe kuwalera anathera m'nyumba zosungira ana za boma zimene dziko lapansi linaona kuipa kwake mu 1990. Lamulolo linafafanizidwa pa 26 Disembala 1989, tsiku lotsatira kuphedwa kwa Ceaușescu, kusonyeza mmene anthu analili otopa nalo. Kaya munthu ali mbali iti pa mkangano wa kuchotsa pakati, ayenera kudziwa zimene zinachitikira amayi amenewa asanalankhule za malamulo a dzikolo.

Poland inayenda njira yosiyana, ndipo pano nkhokweyi imathandiza ndithu, chifukwa imaonetsa bwino kuti lamulo ndi lokhwima. Chimene wowerenga ayenera kuwonjezera yekha n'chakuti kukhwimako kunabwera chikomyunizimu chitagwa. Lamulo la 1956 linkalola mayi kuchotsa pakati chifukwa cha mavuto a moyo wake wa tsiku ndi tsiku, koma mu Januwale 1993, Mpingo wa Katolika uli ndi mphamvu yaikulu chifukwa cha mbali imene unatenga polimbana ndi ulamuliro wakale, nyumba ya malamulo inasiya zifukwa zitatu zokha. Pa 22 Okutobala 2020 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linachotsapo chifukwa cha vuto lalikulu pa mwana wosabadwa, chimene chinali maziko a pafupifupi kuchotsa pakati konse kovomerezeka m'dzikolo, ndipo anthu miyandamiyanda anatuluka m'misewu ya Warsaw ndi mizinda ina kukatsutsa.

Palinso mayiko amene sapezeka n'komwe chifukwa kulibenso. East Germany inavomereza kuchotsa pakati mpaka masabata 12 mu 1972, ndipo aphungu 14 anavota motsutsa, chinthu chimene sichinkachitika m'nyumba ya malamulo ya dzikolo. Mayiko awiri a Germany atakhalanso dziko limodzi, lamulo la 1995 linati mchitidwewo ndi wosaloledwa koma sulangidwa ngati mayi walandira uphungu. Yugoslavia inalemba ufulu wosankha za kubereka m'malamulo ake aakulu mu 1974. Ku Czechoslovakia mayi ankayenera kuonekera pamaso pa komiti n'kufotokoza zifukwa zake, mpaka lamulo la 1986 linathetsa makomitiwo.

Sindikuimba mlandu okonza nkhokweyi pa ntchito imene sanalonjeze, pakuti cholinga chawo ndi malamulo ogwira ntchito panopa, ndipo pamenepo achita bwino. Komabe ndikanakonda kuti tsamba la dziko lililonse likhale ndi mzere wachidule wa zaka zimene lamulo linasintha, chifukwa masabata 12 a Hungary, kumene kuyambira mu Seputembala 2022 mayi amayenera kusonyezedwa zizindikiro za moyo wa mwana wosabadwa asanaloledwe, sali ofanana ndi masabata 12 a Czechia, limodzi mwa mayiko awiri amene anatuluka mu Czechoslovakia. Ophunzira zamalamulo, azaumoyo ndi atolankhani ndikuwalimbikitsa kuigwiritsa ntchito, makamaka potsitsa zikalata za malamulo, ndipo pa mayiko awa ayambe awerenga mabuku a mbiri ya Romania ndi Soviet Union asanatsegule mbali yoyerekezera mayiko.