Pulogalamu ya R ndi paketi ya survey: zaulere, koma zofuna kuleza mtima

Wophunzira zaumoyo amene akusanthula ziwerengero za kafukufuku wake, koma alibe ndalama zogulira layisensi ya mapulogalamu osanthulira ziwerengero monga Stata kapena SPSS, ndingamulimbikitse kuphunzira pulogalamu ya R pamodzi ndi paketi yake (gulu la malamulo owonjezera) yotchedwa survey. R anaiyambitsa Ross Ihaka ndi Robert Gentleman pa yunivesite ya Auckland ku New Zealand, ndipo mtundu wake wa 1.0 unatuluka m'chaka cha 2000. Paketi ya survey anailemba Thomas Lumley, pulofesa wa biostatistics (ziwerengero za zaumoyo) amene amaphunzitsa pa yunivesite yomweyo. Zonse ziwiri munthu amazitenga pa intaneti osalipira kanthu.

Phindu la paketiyi limaonekera pa kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015-16, amene ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba inachita pofunsa amayi 24,562 a zaka 15 mpaka 49 m'madera 850. Pofuna kuti boma lililonse likhale ndi ziwerengero zakezake, m'maboma a anthu ochepa monga Likoma munafunsidwa anthu ochuluka kuposa gawo lawo m'dziko lonse, choncho amene angowerenga mayankho onse mofanana amapeza chithunzi chopotoka. Lamulo la svydesign, lomwe lili m'paketi ya survey, limafuna kuti munthu anene momwe ofunsidwa anasankhidwira asanawerengere chilichonse: dera limene mayi aliyense anachokera, lomwe m'fayilo ya mayankho lili mu danga lotchedwa v021, gulu la maderawo mu v022, ndi kulemera kwa yankho lake (nambala yosonyeza kuchuluka kwa anthu amene likuimira) mu v005, kumene kumagawidwa ndi 1,000,000. Akatero, malire a chikayiko pa zotsatira (osonyeza mmene zingasiyanire ndi nambala yeniyeni) nthawi zambiri amakula, chifukwa anthu a mudzi umodzi amamwa pachitsime chimodzi ndi kupita kuchipatala chimodzi, motero mayankho awo amafanana. Ine ndimaona kuti mzere umodzi wa svydesign umenewu umaphunzitsa zambiri kuposa tsamba lathunthu la manotsi.

Zovuta zilipo ndithu. R ilibe mabatani oti munthu azingodina, zonse n'zolemba, ndipo chilembo chachikulu chikalowa pamalo a chaching'ono ntchito imaima ndi uthenga wa Chingerezi umene woyamba kumene sautolera. RStudio, pulogalamu yothandizira kugwiritsa ntchito R, imapeputsako poonetsa malamulo, zotsatira ndi zithunzi pamalo amodzi, ngakhale kutsitsa zonsezi kumadya bandulo. Choopsa kwambiri n'chakuti R sikana funso lolakwika: munthu akaiwala kulemera kwa mayankho n'kugwiritsa ntchito lamulo wamba, imapereka nambala yooneka bwino popanda chenjezo, ndipo cholakwa chotere amachigwira ndi mphunzitsi wodziwa ntchito yekha.

Amene watsala ndi masabata ochepa kuti apereke lipoti lake angachite bwino kumaliza ndi pulogalamu imene akuidziwa kale, n'kuyamba R akapeza mpata ndi womuyang'anira.