Ndemanga pa The Open Notebook, tsamba lophunzitsa kulemba nkhani za sayansi

The Open Notebook ndi tsamba la pa intaneti lomwe atolankhani awiri a ku America, Siri Carpenter ndi Jeanne Erdmann, analikhazikitsa m'chaka cha 2010 pofuna kuthandiza anthu olemba nkhani za sayansi, zaumoyo ndi zachilengedwe kuti azinola luso lawo. Limayendetsedwa ndi bungwe losachita malonda, choncho nkhani ndi maphunziro omwe ali pamenepo munthu amawerenga osalipira kanthu. Ine ndimakonza pulogalamu ya zaumoyo pa wailesi ina ya m'dera, ndipo nthawi zina ndimalembako nkhani zazitali m'nyuzipepala. Nditagwiritsa ntchito tsambali kwa nthawi yaitali ndithu, ndikhoza kunena mosakayika kuti mwa zonse zomwe ndinayesapo pa intaneti, ili ndilo linasinthadi kagwiridwe kanga ka ntchito. Ndikulipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu.

Chomwe chimalisiyanitsa ndi masamba ena ndi chakuti silingokuuzani kuti nkhani yabwino imaoneka chonchi, koma limakuonetsani mmene inasokedwera, monga mmene telala amatembenuzira malaya kuti wophunzira wake aone msoko. Muli zokambirana zambiri ndi alembi omwe amafotokoza kumene anaitola nkhani yawo, anthu omwe anawafunsa mafunso, ndime zomwe mkonzi anawadulira komanso pomwe anatsala pang'ono kuitaya. Mulinso nkhani zomwe zinatuluka kale m'magazini odziwika, zoikidwa ndemanga m'mbali kuti muone chifukwa chake wolemba anayamba ndi munthu uyu osati uyo, kapena chifukwa chake chiwerengero chinachake anachisungira kumapeto. Ambiri mwa ife tinalowa utolankhani kudzera m'nkhani za ndale, za m'makhoti ndi zamasewero, ndipo za sayansi tinangopatsidwa tsiku lina chifukwa panalibe wina woti apite ku msonkhano wa ochita kafukufuku. Munthu wotere safunikira kulalikiridwa za ubwino wa sayansi, amafunikira kuona mmene mnzake anagwirira ntchito yomweyo kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Gawo lomwe ndapindula nalo koposa ndi la maphunziro afupiafupi otchedwa Science Journalism Master Classes. Mukalembetsa, maphunzirowa amabwera pa imelo limodzilimodzi, ndipo lililonse limakhala ndi kantchito koti muchite. Popeza ndi zolembedwa, osati makanema, bandulo ya intaneti siitha msanga, ndipo mukhoza kuwerenga pafoni muli mu minibasi. Mwa maphunzirowa, lomwe ndikufuna kulitchula mwapadera ndi lokhudza kulemba nkhani yochokera mu lipoti la kafukufuku. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti mtolankhani asadalire chikalata chomwe ofesi yofalitsa nkhani ya yunivesite kapena ya bungwe yamutumizira, koma atsegule lipotilo, aone kuti anthu omwe anatenga nawo mbali anali angati, anayerekezedwa ndi ndani, ndalama zinachokera kuti, ndipo ofufuzawo akuvomereza okha kuti ntchito yawo ikupelewera pati.

Phindu la malangizo amenewa limaoneka bwino pa kafukufuku yemwe anachitikira kwathu konkuno. Mu 2021 magazini ya madokotala ya New England Journal of Medicine inasindikiza zotsatira za kafukufuku wa katemera wa tayifodi yemwe anachitika ku Ndirande ndi ku Zingwangwa mumzinda wa Blantyre, pa ana oposa 28,000 a miyezi 9 mpaka zaka 12. Theka la anawo linalandira katemera wa tayifodi, ndipo theka linalo linalandira katemera wa matenda oumitsa khosi kuti pakhale gulu loyerekezera nalo. Uthenga womwe unamveka ponseponse unali wakuti katemerayu amateteza ndi pafupifupi 80 peresenti. Mukawerenga chiwerengero chimenechi pa wailesi momwe chilili, mayi yemwe akumvera kunyumba amamva kuti mwa ana 100 obayidwa, 20 adwalabe tayifodi, ndipo akhoza kuona ngati sikoyenera kutaya tsiku lonse pamzere wa kuchipatala. Koma lipotilo silikunena zimenezo. Mukafika pa tebulo la zotsatira mumapeza kuti m'gulu la ana pafupifupi 14,000 omwe analandira katemera wa tayifodi, omwe anapezeka ndi matendawa atayezedwa magazi anali 12, pomwe m'gulu linalo, lomwe linali ndi ana ochuluka chimodzimodzi, anali 62. Ndiye kuti 80 peresenti ija ikunena za kuchepa kwa odwala poyerekeza magulu awiriwo, osati za ana omwe katemera wawalephera. Pamene katemerayu anaperekedwa m'dziko lonse mu Meyi 2023, manambala awiri amenewa, 62 ndi 12, ndiwo ndinawaika patsogolo m'pulogalamu yanga, ndipo anthu oimba foni ankawabwereza okha pofunsa mafunso, chomwe ndi chizindikiro chakuti anawamvetsa. Chizolowezi chotsegula tebulo ndisanalembe chiganizo choyamba ndinachitenga pa tsambali.

Palinso phunziro lothandiza kuzindikira nkhani za sayansi zokokomezedwa ndi zabodza. Mafunso ake ndi osavuta kuwakumbukira: kodi mankhwalawa anayesedwa pa anthu kapena pa mbewa za mu labotale, kodi akatswiri ena omwe sanali m'gululo aunika zotsatirazo, nanga ndani apindule nkhaniyi ikafalikira? Aliyense yemwe anali pantchito mu 2020 akukumbukira mmene chakumwa cha Covid-Organics, chomwe mtsogoleri wa dziko la Madagascar pa nthawiyo, Andry Rajoelina, anachilengeza mu Epulo chaka chimenecho, chinatchukira mu Africa muno pasanatuluke umboni wa kafukufuku wosonyeza kuti chimachiza Covid-19, mpaka bungwe la WHO linakumbutsa kuti mankhwala azitsamba nawonso ayenera kuyesedwa mokwanira. Zoterezi sizinathe, chifukwa pafupifupi sabata iliyonse pamafika uthenga wa pa WhatsApp wonena za mankhwala ochiza shuga, kuthamanga kwa magazi ndi khansa nthawi imodzi. Chomwe ndimayamikira ndi chakuti phunziroli silikulimbikitsa kunyoza anthu omwe amakhulupirira zinthu zotere, koma likuphunzitsa kufunsa modekha ndi kufotokozera omvera chomwe chikudziwika ndi chomwe sichinatsimikizike.

Gawo lina lotchuka ndi Pitch Database, nkhokwe ya makalata enieni omwe alembi anatumiza kwa akonzi popempha kuti awalole kulemba nkhani, ndipo onse ndi oti anavomerezedwa. Mukawerenga angapo motsatizana mumaona kuti ambiri ndi aafupi, amayamba ndi nkhani yeniyeniyo osati mbiri ya wolemba, ndipo amayankha mafunso atatu omwe mkonzi aliyense amakhala nawo: bwanji nkhaniyi ilembedwe tsopano, bwanji ilembedwe ndi inuyo, ndipo mukafunsa ndani. Ambiri mwa makalatawa anapita ku magazini a ku America omwe amagula nkhani kwa alembi odziimira paokha, pomwe kuno ntchito imagawidwa pa msonkhano wa m'mawa mu nyuzirumu. Ngakhale zili choncho, kalembedwe kake kamandithandiza popempha thandizo la ndalama zokatolera nkhani kumadera akutali, ngakhalenso pomunyengerera mkonzi wanga kuti nkhani ya kafukufuku wa mbewu isaponyedwe patsamba lomaliza.

Pa nkhani yolumikizana ndi anzathu a ntchito imodzi, tsambali lili ndi kaundula wa alembi a sayansi a m'maiko osiyanasiyana momwe munthu angathe kudzilembetsa, komanso madongosolo omwe amapatsa olemba ongoyamba kumene mlangizi wowatsogolera, ngakhale kuti malo amakhala ochepa ndipo olimbirana ndi ambiri. Apa ndipo ndimaona kuti mtolankhani wa kuno sayenera kudalira malo amodzi. SciDev.Net, yomwe David Dickson anaiyambitsa mu 2001 kuti izilemba za sayansi m'maiko omwe akutukuka kumene, ili ndi maphunziro otchedwa Script omwe anakonzedwa poganizira atolankhani ndi asayansi a mu Africa, ndipo kumeneko n'komwe mungakumane ndi anthu omwe mavuto awo akufanana ndi anu. Pa kuzama kwa luso la kalembedwe, komabe, The Open Notebook ili patsogolo.

Nyenyezi imodzi ndaisunga chifukwa cha mtunda womwe ulipo pakati pa dziko lomwe malangizowa analembedwera ndi lathu. Zambiri zili m'Chingerezi, zina zinamasuliridwa m'Chisipanishi, ndipo unyinji wake ukukamba za nkhani yowerengedwa ndi maso, pomwe anthu ambiri m'Malawi muno nkhani za zaumoyo ndi zaulimi amazimvera pa wailesi, kumene chiganizo chikadutsa sichibwereranso. Malangizo ena amatenganso ngati katswiri ayankha imelo tsiku lomwelo, koma kuno dokotala kapena wofufuza nthawi zambiri amayamba wapempha chilolezo kwa mneneri wa ofesi yake asanalankhule, ndipo akatswiri a nthambi imodzi ndi ochepa moti kupeza wina yemwe sanakhudzidwe ndi kafukufukuyo kuti aperekepo maganizo ndi ntchito yaikulu payokha. Izi sizikuchotsa phindu la tsambali, koma zikutanthauza kuti phunziro lililonse muyenera kulikonzanso nokha kuti likwane pamalo anu.

Kwa yemwe akufuna kuyamba, ndinganene kuti asayambe ndi kuwerenga chilichonse chomwe waona, chifukwa zolembedwa zilipo zochuluka zedi ndipo n'kosavuta kusochera. Alembetse phunziro la lipoti la kafukufuku lija, atenge lipoti limodzi lenileni mu Malawi Medical Journal, yomwe imawerengedwa mwaulere pa intaneti, ndipo kantchito kalikonse ka phunzirolo azikachita pa lipoti limenelo mpaka patuluke nkhani ya mphindi zitatu yoti iwulutsidwe.