Mzere wa njinga wandidyera mapaundi 80

Abale anga kumudziko, makamaka inu mukuti mukubwera kuno ku London kudzagwira ntchito yosamalira agogo mmakomo, tamverani zomwe zandionekera mwezi wathawu.

Unali mmawa, ndimathamangira kwa agogo ena kuti ndikawamwetse mankhwala 8 isanakwane, ndiye pamseu galimoto zinangoti bii osasuntha, kumanzere kwanga kanjira ka njinga kali mbee opanda munthu, pokhotera panga ndikupaona apo pafupi. Ndinangolowamo pang'ono basi, ndakhota, ndapita. Palibe wapolisi anandiimitsa, ine mtima uli phee.

Patadutsa masiku envulopu yafika. Kutsegula muja chithunzi cha galimoto yanga, nambala ikuwerengeka bwinobwino, matayala awiri ali mkati mwa mzere woyera wa kanjira ka njinga kaja. Chindapusa mapaundi 160, koma ukalipira masiku 14 asanathe amadula pakati, 80. Ukangoisiya kalatayo pa tebulo mpaka kudutsa masiku 28 imakwera kufika 240. Ndinalipira usiku womwewo pa foni, ndipo inali ndalama yomwe ndinasungira feteleza wa amayi, zinandipweteka ndithu sindinama.

Nkhani yake ili pa mzere. Ukakhala wosadukiza usaupondeko, usayendemo, usaimikemo nthawi yomwe kanjirako kakugwira ntchito, zili mu Highway Code, kabuku ka malamulo apamseu akuno, lamulo 140. Wodukizadukiza uja umalowamo pokhapokha palibiretu kuchitira mwina. Kuyambira June 2022 a Transport for London, oyang'anira zamayendedwe mu London, anayamba kulipiritsa pogwiritsa ntchito makamera mmisewu yawo ikuluikulu ija ya mizere yofiira mmbali, ndiye zoti bwana pepani ndachedwa kuntchito kulibe, kamera ilibe makutu. Chinanso dziwani, kalata imapita kwa amene galimoto inalembetsedwa mdzina lake ku DVLA, ofesi yolembetsako galimoto kuno, mukabwereka ya mnzanu ndiye kuti mwamuika mmavuto iyeyo. Mwayi wake sachotsa mapointi pa laisensi.

Ndinakwiya masiku awiri. Koma tsiku lina pa mseu omwewo ndinaona mayi akupalasa, kamwana kali pampando kumbuyo kavala chisoti chachikasu, akudutsa penipeni pomwe matayala anga anaponda paja, basi ya double decker ili pambali pawo. Mtima unangoti myuu. Ndinakumbuka akabaza athu pa M1, atanyamula munthu kapena matumba atatu amakala, minibasi ikangoliza hutala iwo kuthawira mfumbi, ena kugwera mngalande, ife tili mkati kumangoti awa nawonso achoke mumseu. Inenso ndinkatero.

Kuno ukamapitirira wanjinga umayenera kumusiyira mpata mita imodzi ndi theka. Tonse timayendetsa kumanzere inde, ndiye munthu umaona ngati palibe chachilendo, koma mukafika kaye werengani kabuku kaja musanagwire chiongolero. Ine pano mzere uja ndimauopa, ndikachedwa ndimangoimbira ku ofesi kuti awauze agogo ndili mnjira.